Kupalasa Bwato Pamtunda: Mtima wa Batire ndi Ntchito za Phewa

Mzinda wa Lusaka, monga adziwa onse okhalamo, unamangidwa pachitunda chamiyala chokwera mamita pafupifupi 1,280, kutali ndi Zambezi, kutali ndi Bangweulu, kutalinso ndi nyanja ya Malawi kumene makolo a ena mwa ife anachokera. Kotero kuti mwana wobadwira ku Lilanda, amene madzi ochuluka amawaona pokhapokha mvula ikasefukira m'makwalala a Kanyama, akhoza kukula, kukwatira ndi kumera imvi osagwirapo nkhafi m'dzanja lake. Koma taonani, bwato lamutsata pamtunda pomwepo. M'nyumba za masewera olimbitsa thupi za m'tauni muli makina opalasa: njanji yachitsulo yogonekedwa pansi, kampando koyenda pa timagudumu, zopondapo mapazi zokhala ndi malamba, ndi mpini womangidwa ku tcheni chimene chizunguza gudumu lamapiko lopukusa mphepo. Munthu akhala pakampando, akankha ndi miyendo, nakoka mpini, ndipo gudumu lilira fuu, fuu, thukuta lili kamukamu, koma iye osasuntha pamalo pake.

Tiyerekeze tsono mkulu wina wa ku Lilanda, wa zaka za m'ma 60, amene kwa miyezi ingapo anali kuchita chizungulire ndi kugwa popanda chomupunthwitsa, kufikira madokotala atapeza kuti mtima wake ugunda mochedwa, namuika kachipangizo kotchedwa pacemaker pansi pa khungu la pachifuwa. Wabwerera kwawo bala lisanapole bwino. Mwana wake wamwamuna, amene agwira ntchito m'tauni, wamugulira makina opalasa akale, nati, "Atate, adokotala anena kuti muzilimbitsa thupi, yambani mawa." Mpongozi wake, poona chigamba pachifuwa, akuti, "Iyayi, atate asakhudze kanthu, batire lingaguluke. Khalani pakhonde, atate, zonse tichita ndife." Onse awiri anena mwachikondi, ndipo onse awiri alakwa pang'ono, mkuluyo ali pakati, ndipo akale anati mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani ino ndi ya munthu ameneyu ndi anzake, amene chiwerengero chawo chikukulirakulira popeza matenda ena a mtima, amene kale ankatumiza anthu ku South Africa kapena ku India, tsopano akuonedwa konkuno ku University Teaching Hospital ndi ku National Heart Hospital, cha ku njira yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda.

Kuti timvetse choyenera kuopa ndi chosayenera kuopa, tiyambe tadziwa chimene chaikidwa m'thupimo. Mtima wa munthu uli ndi magetsi akeake. Pamwamba pa chipinda chake cha kudzanja lamanja pali kagulu ka minofu kamene kamatulutsa mphamvu yoyambitsa kugunda kulikonse, ndipo mphamvuyo imatsika m'tinjira take kukafika ku zipinda zam'munsi zimene zimapopa magazi. Munthu wamkulu akakhala phee, izi zimachitika ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi, ndiko kunena pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, usana ndi usiku, popanda Sabata. Ukalamba, matenda ena, kapena opaleshoni ya mtima zikawononga kagulu kaja kapena tinjira tija, kugunda kumatsika kufika ka 40 kapena ka 30, ubongo umaperewera magazi, ndipo munthu amakomoka. Pacemaker ndi kabokosi kachitsulo kotsekedwa ponseponse, kolemera magalamu 20 kufikira 50, kokhala ndi batire ndi kakompyuta. Kamaikidwa pansi pa fupa lopingasa lija lochoka pakhosi kukafika paphewa, kawirikawiri kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo waya mmodzi kapena awiri amalowetsedwa mumtsempha wamagazi kutsikira mumtima, kumene nsonga yake imakoledwa mumnofu. Kabokosiko kamamvetsera, mtima ukagunda wokha kamakhala chete, ukachedwa kamaukumbutsa.

Woyamba kuikidwa kachipangizo kotere m'kati mwa thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, pa 8 Okutobala 1958, ku chipatala cha Karolinska, dokotala wake ali Åke Senning ndipo wokapanga ali Rune Elmqvist. Koyambako kanaleka kugwira ntchito patangopita maola ochepa, ndipo anamuikanso kena. M'moyo wake wonse anasinthidwa zipangizo zoposa 20, nayenda maulendo, nagwira ntchito zake, namwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, atatsogoza kumanda dokotala uja ndi mmisiri yemwe. Ndanena zimenezi chifukwa cha mpongozi wa pakhonde uja. Kachipangizoka sikanapangidwe kuti kakhazike munthu pampando kufikira imfa. Kanapangidwa kuti kamudzutse. Munthu wongokhala miyendo yake imafooka, thupi limalemera, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimakwera, ndipo mtima umene anaukonza ndi ndalama zambiri umaonongekera mbali ina. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuti azilimbitsa thupi mosapanikiza kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo wa pacemaker, akachira ndi kuloledwa, sachotsedwa pa lamulo limeneli.

Koma mwana wamwamuna uja nayenso adekhe, pakuti choopsa chenicheni chili m'masabata oyamba, ndipo chili pa waya. Tsiku la opaleshoni nsonga ya waya imangokoledwa pang'ono. Thupi ndilo limaimanga pambuyo pake, pomeretsa mnofu wolimba pozungulira pake, ndipo ntchito imeneyi imatenga masabata 4 kufikira 6. M'nyengo imeneyi, mkono wa mbali ya kachipangizo ukakwezedwa mwamphamvu kupitirira phewa, kapena ukakoka chinthu cholemera, waya akhoza kusuntha pamalo pake, ndipo akasuntha palibe mankhwala akumwa omubwezera. Munthu amabwerera patebulo la opaleshoni. N'chifukwa chake odwala amauzidwa kuti asakweze chigongono kupitirira phewa, asanyamule choposa makilogalamu 5 ndi dzanja limenelo, ndipo asachite masewera okoka ndi kutambasula mkono mobwerezabwereza, monga kusambira ndi kupalasa. Pa masewera otere madokotala ena amawonjezera nthawi yodikira kufika miyezi 3, malinga ndi mmene aonera bala ndi waya. Komabe mkonowo suyenera kumangidwa pathupi ngati wothyoka, chifukwa phewa losayendetsedwa limauma, ndipo kuliwongola kumatenga miyezi yowawa. Adye nawo, asambe nawo kumaso, auyendetse mofatsa pansi pa msinkhu wa phewa. Ndipo kuyenda pansi ayambe msanga, lero kufika pamphambano, mawa kufika pamsika, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Apa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa malangizo amenewa analembedwera anthu a m'maiko amene madzi amatuluka okha m'nyumba, ndipo akafika ku Lilanda, ku George, ku Chawama kapena ku Mtendere amafunika kuwamasulira m'ntchito za tsiku ndi tsiku. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndiko kuchulukitsa kanayi muyeso wololedwa. Ndipo mayi wochitwika pamutu amakweza manja onse awiri kupitirira mutu, atanyamula katundu yense, ndicho chinthu chenicheni chimene adokotala analetsa. Wotunga madzi pachitsime ndi chingwe amawerama, natambasula mkono kutsogolo, nakokera kumbuyo, kenaka dzanja lina, kambirimbiri. Wayendetsa phewa lake monga momwe amaliyendetsera wopalasa, ngakhale sanaonepo makina opalasa chibadwire. Chimodzimodzi wopukusa mjigo, wosinja mumtondo, wokankha wilibala ya makala kuchokera kumsika, wotsitsa thumba la ufa la makilogalamu 25, woyanika mabulangete onyowa pachingwe chachitali, ndi gogo woponya mdzukulu kumbuyo kuti amubereke. Abambo akatuluka m'chipatala amapatsidwa mpando ndi wailesi. Amayi akatuluka, pakapita masiku atatu nyumba imayamba kuwayang'ana, ndipo iwo, pochita manyazi kukhala pansi ana a eni akugwira ntchito, amadzuka natenga chidebe. M'maganizo anga, ngati pali waya amene ali pangozi m'makomboni a Lusaka, ndi wa mayi wa chidebeyo koposa wa bambo wa makina.

Masabata aja akatha, bala litapola, adokotala atayeza kachipangizo ndi kuona kuti waya wakhazikika, kodi munthu angakwere pamakina opalasa? Kwa ambiri yankho ndi inde, koma pali chinthu chimodzi chimene ayenera kuchidziwa moyo wake wonse. Pakati pa fupa lopingasa lija ndi nthiti yoyamba pali kampata kopanikizika, ndipo mwa anthu ambiri waya amadutsa pafupi ndi pamenepo. Munthu akakokera phewa kumbuyo ndi pansi mwamphamvu, kampatako kamachepa, ndipo waya akhoza kupanidwa. Aliyense amene anadulapo waya wa mpanda popanda pulayala adziwa kuti safuna mphamvu zambiri: amangomupinda uku ndi uku pamalo amodzi kufikira aduke yekha. Waya wa mumtima ndi wofewa ndi wolimba koposa, wopangidwira kupindika pa kugunda kulikonse kwa zaka zambiri, ndipo kuthyoka kotere sikuchitika kawirikawiri. Koma kumachitika, makamaka mwa anthu ochepa zaka ndi amphamvu, okonda kunyamula zitsulo, monga anyamata athu a m'makomboni amene amaumba zolemera zawo ndi simenti m'zitini. Chifukwa chake amene adziwa kuti ntchito yake kapena masewera ake ndi a phewa anene opaleshoni isanachitike, pakuti dokotala akhoza kusankha mtsempha wina wolambalala kampata kaja, kapena kuika kabokosi ku mbali ya dzanja limene munthuyo saligwiritsa ntchito kwambiri. Kunja kuli timakina tina topanda waya, toikidwa mumtima mwenimweni, timene tinavomerezedwa ku America mu 2016. Koma timakinati sitiyenera wodwala aliyense, ndipo mtengo wake ndi wina.

Chotonthoza n'chakuti kupalasa koyenera si ntchito ya manja kwenikweni. Aphunzitsi a masewerawa amati pa magawo 10 a mphamvu, pafupifupi 6 amachokera m'miyendo, otsalawo m'chiuno ndi msana, ndipo manja amangomalizitsa. Kupalasa ndi luso lakale, ndipo dziko la Zambia lili ndi mbiri yake pa zimenezi, popeza mu 1910 mpikisano wa dziko lonse wa opalasa mmodzimmodzi unachitikira pa Zambezi pafupi ndi Livingstone, pamene Richard Arnst wa ku New Zealand anapambana Ernest Barry wa ku England. Makina amene tikuwaona lero anafala kuyambira 1981, pamene abale awiri a banja la Dreissigacker ku Vermont anapanga oyamba a Concept2 ndi gudumu la njinga. Wokhala pakampando ayambe mawondo atapindika, msana uli chilili, manja atatambasuka koma mapewa osaponyedwa kutsogolo ngati wofuna kutola chinthu chakutali. Akankhe ndi miyendo poyamba, manja akadali owongoka; miyendo ikatsala pang'ono kuwongoka, atsamire kumbuyo pang'ono; pomalizira pake akoke mpini mofatsa kufika m'munsi mwa nthiti, pamwamba pa mchombo, zigongono zili pansi. Asaukwezere kukhosi, asaugunditse pachifuwa pamene pali kabokosi, ndipo asatswanye mapewa kumbuyo modzionetsa. Pobwerera, manja atsogole, thupi litsate, mawondo apindike pambuyo, mosafulumira.

Pambali pa gudumu lamapiko pali kachitsulo kosuntha kolembedwa manambala 1 kufikira 10. Amuna ambiri, pofuna kuonetsa chamuna, amakakankhira pa 10, poyesa kuti ndipo pali phindu. Koma pamenepo mpini umalemera, ndipo katundu yense amagwera pamsana ndi paphewa. Wa pacemaker akaike pakati pa 3 ndi 5, kapena kutsikirapo, napalase ka 18 kufikira ka 22 pa mphindi, kwa mphindi 5 kapena 10 zokha pa masiku oyamba, atayamba watenthetsa thupi poyenda, ndipo pomaliza asaime mwadzidzidzi. Asagwire mpweya pokoka, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi. Muyeso wabwino koposa wotchi iliyonse ndi pakamwa: ngati akhoza kuyankha mdzukulu womufunsa kuti, "Ambuya, mukupita kuti ndi bwato lopanda madzi?" popanda kudukiza mawu ndi wefuwefu, ali bwino, ngati mawu akumukanika, wapitirira. Chiwerengero chija chotchuka, chochotsa zaka za munthu pa 220 kuti apeze malire a kugunda kwa mtima, chisadaliridwe ndi munthu wa pacemaker kapena womwa mankhwala ochedwetsa mtima monga atenolol. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, malata akamathetheka ndi dzuwa, apalase m'mamawa, madzi akumwa ali pambali.

Pali chodabwitsa china chimene chimasokoneza ambiri, nawaganizitsa kuti matenda abwerera. Munthu apalasa bwinobwino, ndipo mwadzidzidzi mphamvu zimuthera ngati wina wazimitsa nyale. Kawirikawiri chifukwa chake chili m'malamulo amene kachipangizo kanapatsidwa. Kali ndi malire a pamwamba, amene nthawi zambiri amaikidwa cha pa 120 kapena 130 pa mphindi, ndipo kwa munthu amene tinjira take ta magetsi tinaduka, thupi likafuna kupitirira pamenepo kachipangizo kamayamba kudumpha kugunda kwina, kotero kuti magazi amachepa pa nthawi imene akufunika koposa. Kwa ena, amene gwero lenileni la kugunda ndilo linafooka, kachipangizo kamayenera kulota kokha kuti munthu ali pantchito. Kamatero pomva kugwedezeka kwa thupi, ndipo mitundu ina imayezanso kupuma. Kakhoza kulota mochedwa kapena mopitirira, makamaka pa masewera ochita munthu atakhala pansi. Zonsezi zimakonzedwa popanda mpeni: katswiri amaika chowerengera pakhungu pamwamba pa kabokosi, naona pakompyuta zonse zimene mtima wachita m'miyezi yapitayo, nasintha manambala. Koma sangasinthe chimene sanauzidwe, ndipo ife anthu a kuno tili ndi chizolowezi choyankha adokotala kuti "ndili bwino" pomwe tabwera ndi madandaulo m'thumba. Safunsa anadya phula. Amene anaikidwa mtundu wina wotchedwa ICD, umene umamenya mtima ndi magetsi ukathamanga moopsa, ayenera kufunsa nambala imene kachipangizo kake kamayambira kumenya, kuti pamasewera azikhala pansi pake ndithu.

Za magetsi ndi maginito ndinenepo mwachidule, popeza mphekesera zachuluka. Batire la pacemaker lili m'kati mwake, limakhala zaka zambiri, kwa ambiri pakati pa 5 ndi 15, ndipo silitchajidwa. Kuzimazima kwa magetsi kumene kunasautsa Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, sikukanalikhudza ngakhale pang'ono. Makina opalasa a mphepo kapena a madzi alibe choopsa cha mtundu umenewu. Ena amagwiritsa ntchito maginito, koma maginitowo ali kugudumu, cha kumapazi, ndipo lamulo ndi lakuti maginito akhale masentimita 15 kapena kuposerapo kuchoka pa kabokosi; wopalasa asakumbatire gudumulo ponyamula makina. Foni isagone m'thumba la malaya la pamtima. Malamba ogwedeza minofu ndi magetsi, amene amagulitsidwa kuti amachepetsa mimba, ndiponso masikelo oyeza mafuta a m'thupi podutsitsa magetsi, awapewe. Choyenera kusamala kwenikweni m'makwalala athu ndi makina owotcherera zitsulo a amisiri a mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi jenereta yolira: asaweramirepo, ndipo mmisiri amene iye mwini waikidwa kachipangizo asabwerere ku ntchitoyo asanakambirane ndi adokotala.

Tsono zizindikiro zoimitsa munthu nthawi yomweyo, kaya ali pamakina kaya ali pachitsime, nzosabisika: chizungulire kapena kukomoka, kupweteka pachifuwa, kubanika kosalingana ndi ntchito imene akuchita, mtima kugunda mosalongosoka kapena kutsika pansi pa nambala imene adokotala anaika, ndi kudumphadumpha kwa minofu ya pachifuwa kapena pamwamba pa mimba motsatana ndi kugunda kwa mtima, kumene kukhoza kusonyeza kuti waya wasuntha. Mkono wa mbali ya kachipangizo ukatupa ndi kulemera, mwina magazi aundana mumtsempha. Bala likafiira, likatentha, likatupa kapena kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha popanda malungo, asathire mankhwala a zitsamba, asagule makapisozi pakantini, pakuti tizilombo tikalowa pa kabokosi timatsata waya kufikira mumtima, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kuchotsa zonse. Wa ku Lilanda athamangire ku chipatala cha Matero chimene chili pafupi, khadi la kachipangizo lili m'manja, kuti amutumize kwa akatswiri. Ndipo zala zisamaseweretse kabokosi pansi pa khungu, monga ena amachitira akakhala phee, chifukwa kakatembenuzika kamakulunga waya ndi kumuzula.

Kwa inu madokotala ndi anamwino athu, pempho langa ndi lakuti potulutsa wodwala musangomuuza kuti asanyamule zolemera, pakuti kwa mayi wa ku George chigubu cha madzi sicholemera, ndi madzi chabe. Mutchuleni chidebe, mtondo, chingwe cha pachitsime ndi mwana wa kumbuyo, chimodzichimodzi, m'chinenero chake, apongozi ndi ana ali pomwepo akumva. Kwa inu amene mwaikidwa kachipangizoka, pa tsiku lokaonedwa nenani poyera kuti mufuna kupalasa, kapena kulima, kapena kubwerera ku wilibala, ndipo mufunse kuti waya wanu anadutsa mtsempha uti ndi kuti malire a kugunda anaikidwa pa nambala yanji. Mukaloledwa, kwerani pamakinapo mopanda mantha. Ndipo inu a m'nyumba, ana ndi adzukulu, madzi mutunge ndinu kufikira masabata 6 atakwana ndipo adokotala atavomera.